PHUNZIRO LA JANUWALE: TISANALONJEZE, TIYAMBE TAYENDA NDI KUDZIMVA

Kuwerenga: 1 Mafumu 19:1-18, Marko 14:27-42, Mlaliki 5:1-7



Usiku wa pa 31 Disembala ambiri a ife timachezera ku tchalitchi. Timayimba, timavina, timathokoza Mulungu kuti watiolotsa tili amoyo, ndipo zimenezi n'zoyenera ndithu. Koma pakati pa usiku pakamayandikira, mtima umatentha ndipo pakamwa pamapepuka. Wina akuti chaka chino ndiwerenga Baibulo lonse, kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso. Wina akuti miseche ndasiya lero. Wina akuti kwa akaloba sindidzapondakonso. Winanso akuti tsiku lililonse ndidzadzuka tambala asanalire kuti ndipemphere ola lathunthu.

Ine ndinali ndi kabuku komwe ndinkalembamo malonjezo otere. Tsiku lina ndikusanthula m'sutukesi ndinakapeza, ndipo ndinachita manyazi. Zaka zitatu zotsatizana, lonjezo loyamba linali limodzimodzi: chaka chino sindikalipiranso ana. Chaka chachitatu ndinalilemba ndi zilembo zikuluzikulu, ngati kuti kukula kwa zilembo ndiko kukanandisintha.

Tonse tikuudziwa mwezi wa Januwale. Udzu wakula m'munda ndipo ukufuna kupalira. Fetelaiza wachiwiri akufunika. M'nkhokwe chimanga chatsala pansi. Malungo ali pakhomo chifukwa udzudzu waswana. Ngakhale boma linachotsa malipiro m'masukulu ake mu 2022, yunifolomu, nsapato ndi makope zikudikirabe mayi yemweyo. Pofika pakati pa Febuluwale, Baibulo laima pa Levitiko, nkhongole yabweranso, ndipo ana akalipiridwa kale kangapo.

Kulephera pakokha sikundidetsa nkhawa kwambiri. Chondidetsa nkhawa ndi chimene chimatsatira. Mayi amene walonjeza pamaso pa Mulungu n'kulephera amayamba kudziona ngati wachinyengo. Amaleka kupemphera chifukwa akuchita manyazi. Ena amayamba kujomba ku Chigwirizano, ena amadzipatula okha pa Mgonero wa Ambuye popanda mkulu wa mpingo aliyense wowaletsa. Lonjezo lomwe linayenera kuwayandikiza kwa Mulungu ndilo lawathamangitsa.

Petro sankanama, koma sankadzidziwa

Mlaliki akutichenjeza pa mutu 5 kuti tisamafulumire kulankhula pamaso pa Mulungu, ndi kuti munthu wosawinda ali bwino kusiyana ndi wowinda n'kusachita. Mwambo wa malonjezo a chaka chatsopano sunalamulidwe paliponse m'Malemba. Ngakhale dzina la mwezi uno linachokera kwa Aroma, omwe anali ndi mulungu wawo wotchedwa Janus, wa nkhope ziwiri, ina yoyang'ana kumbuyo ina kutsogolo. Sindikunena kuti kulonjeza ndi tchimo. Ndikunena kuti si chinthu chochita chifukwa ng'oma yakoma.

Taonani Petro pa Marko 14. Usiku umene Ambuye anaperekedwa, iye analonjeza molimba kuti ngakhale anzake onse athawe, iye sathawa, ndipo ali wokonzeka kufa. Kodi ankanama? Ayi. Ankawakondadi Ambuye. Koma atafika ku Getsemane, Yesu sanam'pemphe kuti afe. Anangom'pempha kuti akhale maso kanthawi. Petro anagona, ndipo katatu konse anapezeka ali m'tulo. Munthu amene amati atha kufa analephera kugonjetsa zikope zake. Usiku womwewo, akuotha moto, mtsikana wantchito anam'funsa ndipo iye anakana Mbuye wake.

Petro ankadziwa chimene ankafuna kukhala, koma sankadziwa mmene analili. Sankadziwa kutopa kwa thupi lake ngakhale mantha a mumtima mwake. Pa Yohane 21, m'mbali mwa nyanja, Ambuye anayamba am'dyetsa nsomba ndi mkate, kenako anam'funsa katatu za chikondi chake. Pamenepo Petro sanadzitamenso. Anangotsamira pa chakuti Ambuye ndiwo akum'dziwa.

Alipo anthu a Mulungu amene malonjezo anawathandiza. Jonathan Edwards, mlaliki wa ku America, analemba malonjezo 70 m'zaka za 1722 ndi 1723, ali mnyamata wa zaka pafupifupi 19. Koma anayamba ndi kuvomereza kuti popanda thandizo la Mulungu sangachite kanthu, ndipo anadziikira lamulo loti aziwawerenga kamodzi sabata iliyonse. Mphamvu yake sinali pa tsiku lolemba. Inali pa kubwerera sabata ndi sabata kukadziyang'ana. Ifeyo timalemba pa 1 Januwale n'kukatsekera kabuku m'sutukesi.

Mpingo wathu wa Reformed uli ndi chuma pa nkhani imeneyi. John Calvin, amene anatumikira ku Geneva, anayamba buku lake lalikulu la chiphunzitso ndi mfundo yakuti nzeru yeniyeni ili ndi mbali ziwiri, kudziwa Mulungu ndi kudzidziwa tokha, ndipo ziwirizi sizilekana. Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563, pa funso loyamba lenilenilo, amatiphunzitsa kuti ndife ake a Khristu ndi thupi lomwe, osati mzimu wokha. Pa funso 114 amavomereza kuti ngakhale oyera mtima kwambiri, m'moyo uno amangoyambako pang'ono kumvera. Amayi anzanga, ngati Katekisma akuti tikungoyambako, bwanji ife tikufuna kutsiriza zonse usiku umodzi?

Mmene Mulungu anachitira ndi Eliya

Tiyeni tikhale pang'ono pa 1 Mafumu 19, chifukwa m'menemo muli phunziro lathu lenileni.

Eliya anali atangochoka pa chigonjetso chachikulu pa phiri la Karimeli. Moto unatsika, mvula inagwa patapita zaka za chilala, ndipo iye anathamanga patsogolo pa galeta la Ahabu mpaka ku Yezreeli. Tingati unali usiku wake wa chitsitsimutso. Kutacha, uthenga umodzi wa Yezebeli unam'gwetsa. Anathawira ku Beereseba, nasiya mnyamata wake kumeneko, nayenda yekha tsiku lathunthu m'chipululu, nakhala pansi pa kamtengo n'kupempha imfa.

Tsono onani chimene Mulungu anachita. Sanam'dzudzule. Sanam'uze kuti alonjeze kukhala wolimba mtima. Anam'leka agone. Mngelo anam'khudza, nam'patsa mkate ndi madzi. Eliya anadya n'kugonanso, ndipo Mulungu anam'lekanso. Kachiwiri mngelo anam'dzutsa kuti adye, chifukwa ulendo unali wautali kuposa mphamvu zake. Mulungu anayamba ndi thupi la mtumiki wake: tulo, chakudya, madzi.

Kenako kunali kuyenda, masiku 40 mpaka ku Horebu. Malemba satiuza kuti Mulungu analankhula naye panjira. Ndimaganiza kuti masiku amenewo mtima wa Eliya unkatsika pang'onopang'ono, monga madzi a m'chitsime amene avunduka amayera ukawaleka. Atafika kuphanga, Mulungu anam'funsa chimene ankachita kumeneko. Mulungu ankadziwa yankho, koma Eliya ndiye ankafunika kudzimva akulankhula. Ndipo zinatuluka: mkwiyo, mantha, ndi maganizo akuti watsala yekha. Kunadza mphepo, chivomezi ndi moto, koma Mulungu anadza m'kamawu kofatsa, nam'funsanso funso lomwelo. Atatha zonsezi ndi pamene anam'patsa ntchito, nam'konza maganizo pom'dziwitsa kuti alipo anthu 7,000 amene sanapembedze Baala, nam'patsanso Elisa kuti asayendenso yekha.

Ife timayamba ndi ntchito, ndipo kudya, kugona ndi kudzifunsa timaziika kumapeto, ngati nthawi itsala. Mulungu anayambira kumene ife timathera.

Kuyenda uku ukudzimva

Mwina wina aseka kuti, amayi inu, mukutiuza za kuyenda ife amene timayenda tsiku lonse? Zoona. Mayi wa kumudzi amapita kumunda, kuchitsime, kunkhuni, kuchigayo, mwana ali kumbuyo. Koma nthawi zambiri miyendo ili panjira pamene mutu uli kwina, ukuwerengera nkhongole kapena ukukangana ndi munthu amene palibe. Timafika osadziwa kuti tadutsa pati. Thupi timaliyendetsa ngati ng'ombe ya pangolo, ndipo timalikumbukira tsiku limene lagwa.

Masiku ano pa wailesi ndi pa foni mumamveka mawu akuti mindfulness. Njira zambiri zotchedwa dzina limeneli zinachokera ku chipembedzo cha Chibuda, ndipo Jon Kabat-Zinn anazilowetsa m'ntchito za chipatala ku America mu 1979. Iwo anaona chinthu choona, chakuti munthu akadekha n'kumvetsera thupi lake, nkhawa imachepa. Koma ife sitikuyang'ana m'kati mwathu kuti tipezemo mpulumutsi. Tikudziyang'ana pamaso pa Mulungu amene anatiumba, monga Davide pa Salimo 139 akupempha kuti Mulungu amufufuze. Ndipo si zachilendo m'Malemba. Isake anatuluka madzulo kupita kuthengo kukasinkhasinkha (Genesis 24:63). Pa Deuteronomo 6:7 panjira ndi pamodzi mwa malo okambirapo mawu a Mulungu.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Sankhani ulendo umodzi mwa maulendo amene mumayenda kale, monga wopita kumunda m'mawa kapena wochokera pokwerera basi madzulo. Ulendo umenewo foni ikhale m'chikwama. Chepetsani liwiro pang'ono. Yambani ndi mapazi: imvani pamene akuponda, ngati ndi mchenga, matope kapena miyala, ndiponso ngati mukutsimphina mbali imodzi osadziwa. Kwerani ku mawondo, m'chiuno, msana. Ambiri mudzadabwa kupeza kuti mapewa mwawakweza mpaka m'makutu ndipo mano mwaluma, ngati mukulimbana ndi munthu. Atsitseni. Pumani mpweya mokoka, kanayi kapena kasanu, ndipo poutulutsa musafulumire.

Mukatero dzifunseni funso la Eliya, mutchule dzina lanu lomwe: ukuchitanji pano? Yankhani zoona, ndi mawu amodzi kapena awiri. Ndatopa. Ndili ndi njala. Ndakwiya ndi apongozi. Ndikuopa za mwana wanga amene ali ku Lusaka. Musafulumire kudziweruza kapena kukonza. Ingonenani kwa Mulungu monga zilili. Maganizo adzathawa ndithu, adzapita ku mtengo wa ufa ndi ku chilimba cha mwezi uno. Akathawa abwezeni ku mapazi, osadzikalipira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikuuzeni za lonjezo langa lija. Nditayamba kuyenda motere pochokera kumsika, ndinazindikira kuti ana sindinkawakalipira tsiku lonse. Ndinkawakalipira nthawi imodzi, dzuwa likamalowa. Nthawi imeneyo ndinkakhala ndisanadye kanthu kuyambira tiyi wa m'mawa, msana ukuwawa, ndipo ndikangolowa pakhomo ndinkathamangira ku mbaula osakhala ndi pansi pomwe. Zaka zitatu ndinkalimbana ndi lilime pamene nkhondo inali kuyambira m'mimba ndi pamsana. Ndinayamba kunyamula mtedza kapena mbatata yophika, ndipo ndikafika ndinkakhala pampando kanthawi n'kumwa madzi ndisanagwire mphika. Sindinasanduke mngelo, koma ana anaona kusiyana.

Komatu tisanamizane kuti zonse ndi njala ndi kutopa. Panjira yomweyo ndinapezanso china chimene mtedza sukanachiza. Ndinaona kuti ndikadutsa pa nyumba ya mnzanga wina amene anali atangokhoma malata atsopano, pachifuwa pankandithina ndipo ndinkafulumiza miyendo. Poyamba ndinati ndi chitunda. Koma pamalopo palibe chitunda. Inali nsanje, ndipo miseche imene ndinkalonjeza kusiya inkamera pamenepo. Chimenecho chinafunika kulapa, ndiponso kupita kukam'yamikira mnzangayo ndi pakamwa panga. Thupi silinama msanga ngati pakamwa. Nthawi zina limaulula tchimo limene ife talibisa ngakhale m'pemphero.

Kudzimva kumeneku kulowenso m'ntchito. Popalira, musadikire kuti msana uchite kuuma. Mukatha mzere, imirirani, ikani manja m'chiuno, weramirani kumbuyo pang'ono. Ponyamula chidebe kapena thumba la fetelaiza, pindani mawondo ndipo katunduyo akhale pafupi ndi thupi, osati kuwerama ndi msana miyendo ili chiwongokere. Cholemera kwambiri itanani mnzanu akusenzeni. Amayi a m'tauni vuto lawo ndi lina. Wogulitsa pa msika wa Soweto ku Lusaka kapena wa Kapata ku Chipata, wosoka pa makina, wa mu ofesi, amakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi, monga kuyenda mwandawala, kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ndiye kuti mphindi 30 pa masiku asanu. Kutsika basi malo amodzi musanafike kwanu kungakupatseni zina mwa mphindi zimenezo popanda kulipira ngwee. Agogo amene miyendo yawo yafooka asadzione otsalira. Atakhala pamphasa angathe kutambasula miyendo, kuzunguza mapazi, kukweza manja pang'onopang'ono uku akupuma bwino ndi kulankhula ndi Mulungu.

Zimene kudzimva sikungakuuzeni

Pano ndichenjeze, chifukwa nkhani yake ndi ya moyo ndi imfa. Alipo matenda amene samveka m'thupi mpaka atafika patali. BP ndi imodzi. Munthu atha kukhala nayo zaka, akumva bwinobwino, mpaka tsiku limene wagwa ndi sitiroko. Njira yodziwira ndi kupimitsa basi, ndipo ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa, azaumoyo amati yakwera. Amene munapatsidwa mankhwala a BP kapena a shuga musawasiye chifukwa mwayamba kuyenda kapena chifukwa mwapemphereredwa. Mngelo anabweretsera Eliya mkate weniweni.

Chimodzimodzi khansa ya khomo la chiberekero, imene yatenga amayi ambiri m'Zambia muno. Poyamba siwawa. Ntchito yopima matendawa m'makiliniki a boma inayamba mu 2006, ndipo akapezeka msanga amachizika. Koma zilipo zizindikiro zimene mayi wodzimva adzaziona msanga kuposa amene amangothamanga: chotupa m'bere, kutaya magazi nthawi yosayenera kapena mutasiya kale kusamba, kubanika poyenda pamalo pamene kale simunkabanika, kupweteka pachifuwa, kutupa miyendo, ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Zoterezi si zoti tizingomanga chitenje n'kupirira. Timayamikirana kuti amayi aja ngolimba, sadandaula, ndipo mawu omwewo timadzawabwereza pamaliro awo.

Ndiponso ngati mwadzifunsa n'kupeza chisoni chosachoka kwa masabata, tulo tosabwera, kapena maganizo ofuna kufa ngati a Eliya, musayende nazo nokha. Uzani amayi busa, mnzanu wokhulupirika, kapena anamwino ku kiliniki.

Pa msonkhano wathu

Atsogoleri, phunziro ili musalithere pa benchi. Mukawerenga Malemba ndi kukambirana, tulukani panja awiriawiri, monga ophunzira aja a pa njira ya ku Emau pa Luka 24, amene Ambuye anawapeza akuyenda ndipo anayamba ndi kuwafunsa chimene chinkawasautsa. Zungulirani bwalo la tchalitchi kwa mphindi 15. Mphindi zisanu zoyamba pasakhale kulankhula, ndipo ndikudziwa kuti kwa ena a ife pamenepo ndiye povuta. Kenako wina anene chimene wamva m'thupi ndi mumtima mwake, mnzakeyo angomvetsera, osalangiza, osayamba kusimba zake. Musinthane. Zimene mwamva zithere pomwepo. Agogo ndi odwala akhale pamthunzi ndi mnzawo mmodzi, achite chimodzimodzi ali chikhalire. Mvula ikagwa, khonde likwanira.

Mukabwerera m'kati, kambiranani izi. Kodi ndi lonjezo liti limene mwalibwereza zaka zambiri, ndipo limasweka nthawi yanji ya tsiku, muli ndi yani? Pa zimene Mulungu anapatsa Eliya, tulo, chakudya, ulendo, funso ndi mnzake, chimene chikusowa kwa inu n'chiti? Ndani m'Chigwirizano chathu amene wasiya kubwera, ndipo ndani apite kukamuyendera sabata ino?

Mlembi alembe mayina a amayi amene sanapimitse BP chaka chathachi, ndipo musanabalalike mugwirizane tsiku lopitira limodzi ku kiliniki. Mayi mmodzi atseke ndi pemphero.